KUKONZEKERA NYENGO YACHISANU PAKHOMO

Kuwerenga: Miyambo 31:21, Yakobo 2:15-16

Amayi okondedwa, mvula yatha, chimanga chikulowa m'nkhokwe, ndipo mphepo yozizira ya mu Juni ndi Julayi yayandikira. Mayi wa m'buku la Miyambo saopa chisanu chifukwa anakonzeratu zofunda za banja lake. Ifenso tisadikire kuti mwana ayambe kutsokomola.

1. Chapani mabulangete ndi majuzi, ong'ambika muwasoke. Mukagulitsa mtedza kapena soya pa Nsaru kapena pa Mpingu, patulani ndalama ya zofunda.

2. Matani ming'alu ya m'zipupa kuti mphepo isalowe.

3. Musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Itulutseni musanagone.

4. Ana aang'ono ndi odwala khunyu asaothe moto ali okha.

5. Mwana akamatsokomola, kupuma mofulumira ndiponso chifuwa chikamalowa mkati, chingakhale chibayo. Musataye nthawi ndi mankhwala a m'golosale. Thamangirani naye ku St Gabriel's ku Namitete, ku Kabudula kapena chipatala chilichonse chapafupi.

Koma tisathere pakhomo pathu pokha. Yakobo akutichenjeza kuti kufunira wosowa mafuno abwino osamupatsa chofunda n'kopanda phindu.

Funso lokambirana: Ndi agogo kapena ana amasiye ati m'mudzi mwathu amene alibe bulangete? Gulu lathu liwayendera liti?

Pemphero: Ambuye, mutipatse maso oona amene akugona ndi chisanu, ndi manja owafunditsa. Amen.