Kaliu Kakuti "Cella"

Tsiku lina m'kalasi aphunzitsi adatiuza kuti thupi la munthu lidapangidwa ndi maselo. Ine ndidaseka chamumtima, poti kwathu selo ndi muja apolisi amatsekeramo munthu. Koma nditafufuza m'buku lomasulira mau a Chilatini, ndidapeza kuti maselo onsewa kholo lao ndi limodzi.

Kholo lakelo ndi liu lakuti cella. Kwa Aroma, cella kadali kachipinda kosungiramo tirigu, mafuta kapena vinyo. Pambuyo pake amonke adayamba kutchula choncho tizipinda tao togonamo ndi kupemphereramo. Robert Hooke atayang'ana khungwa la mtengo pa makina okulitsa zinthu, adaona timabowo tondondozana, ndipo m'buku lake la m'chaka cha 1665 adatipatsa dzina lomweli. Maselo a m'kalasi mwathu aja adachokera pamenepo.

Ku Ireland liuli lidasanduka cill, ndipo lidakula kuposa kholo lake: kachipinda ka mmonke kadafika potanthauza tchalitchi. Nchifukwa chake maina ambiri a malo kumeneko amayamba ndi Kil. Kildare, kumene Brigid Woyera adamanga nyumba ya amonke, m'chinenero chao ndi Cill Dara, tchalitchi cha pa mtengo wa oak. Ngakhale Kiltegan, mudzi umene udapatsa dzina ansembe a chipani cha Patrick Woyera amene adadzatumikira kuno kwathu, ndi cill yemweyo.

Komabe chimene chidandikhudza kwambiri ndi cha ku Poland. Iwo amati cela, ndipo liu limodzi lomweli amatchulira chipinda cha mmonke ndi chipinda cha mkaidi. Bambo Maximilian Kolbe adazidziwa zonse ziwiri. Adakhala zaka zambiri m'cela ya Afransisko, kenaka mu 1941 adatsekeredwa ku Auschwitz. Mkaidi wina atathawa, asilikali adasankha anthu 10 kuti afe ndi njala. Mmodzi mwa iwo, Franciszek Gajowniczek, adalira pokumbukira mkazi ndi ana ake, ndipo Bambo Kolbe adapempha kuti afe m'malo mwake. M'cela ya nambala 18 adatsogolera anzake pa mapemphero ndi nyimbo. Patapita masabata awiri adali akadali moyo, ndipo adawapha ndi jakisoni pa 14 August 1941. Gajowniczek adakhala ndi moyo mpaka 1995, ndipo adalipo ku Roma mu 1982 pamene Bambo Kolbe adalengezedwa kuti ndi Woyera.