Chifukwa Chiyani Njala Ibwera Msanga Titakhuta Nsima?

Chilala cha 2024, monga cha 1992, chinasiya mabanja ambiri akudalira nsima ndi ndiwo zochepa. Mwana adya mitanda iwiri, koma posakhalitsa aliranso njala.

Chifukwa chake nchakuti ufa woyera ulibe gaga, motero ugayika msanga m'mimba. Shuga akwera m'magazi, kenaka atsika, ndipo thupi lipemphanso chakudya. Kuonjezera mitanda sikuthetsa vutoli. Zokhalitsa m'mimba ndi zakudya zomanga thupi monga nyemba, khobwe, nshawa, soya ndi kapenta.

Choncho gayitsani mgaiwa, tenderani ndiwo zamasamba, ndipo thirani nsinjiro m'phala la ana. Mukakolola musagulitse nshawa zonse. Sungani zina zodzadya mu January ndi February, pamene nkhokwe zatha.