Pakhonde pa Azakhali: "M'buku sizili choncho!"

Azakhali okondedwa,

Kwathu ndi ku Angónia, koma ndinakwatiwa mu mzinda wa Tete, tikukhala ku Francisco Manyanga. Madzulo m'nyumba mukatentha timatulutsa kanema pakhonde n'kumaonera Game of Thrones, imene alamu anga anatiikira pa fulashi. Vuto ndi bambo akunyumba. Iwo anawerenga mabuku ake m'Chipwitikizi, ndiye ikangoyamba nawonso ayambapo: "M'buku sizili choncho!" Amaimitsa ndi rimoti kuti afotokoze, moti gawo limodzi timathera nalo usiku wonse. Kodi akunena zoona kapena akungofuna kuoneka ophunzira? Rimotiyi ndatsala pang'ono kukaiponya mu Zambezi.

Wotopa, Francisco Manyanga

Mwana wanga Wotopa,

Rimotiyo isiye, ng'ona zilibe nayo ntchito. Ndiponso uzithokoza. Anzako amandilembera kuti amuna awo sagona pakhomo, iwe wako ali pakhonde pompo ndipo chibwenzi chake ndi buku.

Tsono ndikukhumudwitse pang'ono: akamwini angawo sakunama. George R. R. Martin anatulutsa buku loyamba mu 1996, lachisanu mu 2011, chaka chomwe HBO inayamba kuonetsa nkhaniyi. Anthu awiri amene anaikonzera pa kanema, David Benioff ndi D. B. Weiss, anasintha zambiri. Daenerys, mwini zinjoka uja, m'buku akuyamba ali ndi zaka 13, Jon Snow ndi Robb Stark ali ndi 14. Pa kanema anawakulitsa onse, ndipo anachita bwino, chifukwa zimene amakumana nazo mtsikanayo sungazionetse ndi mwana. Mlongo wake wa Theon m'buku ndi Asha, koma anamutcha Yara poopa kuti anthu angamusokoneze ndi mzimayi wina wa m'nkhaniyi, Osha. Wowerenga akasokonezeka amabwerera masamba awiri. Woonera amangomva ndi khutu, kwinaku poto akuwira.

Ngati simunafike pa ukwati wamagazi uja, ndime iyi uidumphe. Pa kanema mkazi wa Robb ndi Talisa, ndipo amamubaya ali woyembekezera. M'buku ndi Jeyne Westerling, amene ku ukwatiko sanapite n'komwe, ali moyo. Mayi ake a Robb, Catelyn, pa kanema akafa afa basi. M'buku mtembo wawo umavuulidwa mumtsinje, amaukitsidwa n'kuyamba kupachika adani awo mmodzimmodzi, dzina atasintha kukhala Lady Stoneheart. Mzimayi wotere kumusiya kunja, ine ndinadandaula. Nanga za Sansa! M'buku amene amakwatiwa ndi chilombo chija Ramsay ndi mnzake wa Sansa, Jeyne Poole, koma pa kanema mavuto onsewo anamusenzetsa Sansa kuti asachulutse anthu. Apa akamwini akakalipa, ine ndili mbali yawo.

Chomwe akuiwala n'chakuti mutu uliwonse wa bukulo umatilowetsa m'maganizo mwa munthu mmodzi, pamene kamera imaona nkhope yokha. Komanso wolemba akafuna asilikali zikwi khumi amangolemba, inki ndi yomweyo. Wa kanema ayenera kuwaveka, kuwadyetsa ndi kuwalipira. Zili ngati kusamuka pa txopela: katundu wa nyumba yonse sangakwere, umasankha mphika ndi mkeka, kabati n'kutsala.

Zimenezi zinachitikanso kwanu konkuno. Mia Couto wa ku Beira analemba Terra Sonâmbula mu 1992, nkhani ya mnyamata Muidinga ndi nkhalamba Tuahir amene akubisala m'basi yopsa pa nthawi ya nkhondo, akuwerenga makope a Kindzu. Teresa Prata anaisandutsa filimu mu 2007, ndipo kuti ikwane maola osafika awiri, zambiri za m'makopewo zinatsala papepala. Uwapezere bukulo, mwina apumeko za azungu a m'chipale chofewa.

Tsopano bwera kuno ndikunong'oneze. Mawa akayambanso, uwafunse mwaulemu, utagwada ngati n'kotheka: "Bambo, nanga m'bukumo nkhaniyi inatha bwanji?" Uone mmene atakandire m'mutu. Siinathe! Martin analonjeza mabuku 7, koma lachisanu ndi chimodzi, The Winds of Winter, anthu akulidikirabe chiyambire 2011. Buku lachisanu likutha Jon Snow atabayidwa mipeni ndi anzake, ndipo wagona pomwepo zaka zonsezi osadziwika ngati adzadzuka. Kanema anapitirira yekha mpaka 2019, masizoni 8, magawo 73. Ndiye pirira, mwana wanga. Mukalowa sizoni 6 buku lawolo liyamba kuwathera, ngakhale sindikulonjeza bata, poti mathero ake anakwiyitsa ngakhale amene sanatsegulepo buku.

Pakadali pano rimoti izikhala pa chitenje chako. Ndemanga zonse azisunga mpaka gawo lithe, kenako azikufotokozera akutsuka mbale, iwe utakhala pampando ukuvomera kuti "eya, bambo". Ndipo inu akamwini, ndikudziwa kuti mukuwerenga kalatayi kuti muone ngati ndalakwitsa dzina. Sindinalakwitse. Musiyeni mwana wanga aonere zinjoka zake mwamtendere.

Ndine Azakhali ako