PHUNZIRO 9: PAULO PAKATI PA ANTHU A KU ATENE

Werengani: Machitidwe 17:16-34
Vesi loloweza: 1 Atesalonika 5:21
Cholinga: Ana aphunzire kuyesa ndi Mau a Mulungu zonse zimene amamva ndi kuona, asunge zoona ndi kutaya zonama.

Kwa mphunzitsi

Ana amakhala m'manja mwanu ora limodzi lokha tsiku Lamulungu. Masiku ena onsewo amaphunzitsidwa ndi wailesi, nyimbo za pamsika, makanema ndi foni za akulu ao. Mukangoti, "Zonsezo nzausatana," mwana adzakhala chete, koma mafunso ake adzapita nao kwina. Mukangovomereza zonse, simunamthandize. Paulo atisonyeza njira yachitatu. Werengani ndime yonse kawiri kunyumba musanaime pamaso pa ana.

1. Paulo anayamba waona ndi kumva (16-21)

Paulo anafika ku Atene cha m'chaka cha 50, pa ulendo wake wachiwiri. Sila ndi Timoteo anali atatsala ku Bereya, ndipo iye anali kuwadikira. Poyenda m'mudzimo mtima unamuwawa poona kuchuluka kwa mafano. Koma sanadzitsekere m'nyumba. Analankhula m'sunagoge, ndiponso pamsika tsiku ndi tsiku, ndi aliyense amene anakomana naye.

Kumeneko anapeza magulu awiri a anthu anzeru. Aepikureya ankaphunzitsa kuti milungu ili kutali, siisamala za anthu, ndipo munthu akafa zake zatha. Astoiki ankati umulungu uli m'zinthu zonse, ndipo munthu angolandira chimene chamgwera. Ena anamnyoza Paulo ndi mau a Chigriki otanthauza mbalame yotolatola mbeu. Onaninso vesi 21: anthu a ku Atene ankatha nthawi yao pomva ndi kukamba zatsopano. Kodi si mmene tikhalira ife ndi foni zathu?

2. Paulo anayambira pa zimene iwo ankadziwa kale (22-28)

Ataimirira pa Areopagi, bwalo la akulu a mudziwo, sanayambe ndi kuwatukwana. Anatchula guwa la nsembe limene anamangira mulungu amene sankamdziwa. Paulo akadapanda kuyenda ndi maso, guwalo sakadaliona. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kwa Ayuda a ku Antiokeya wa ku Pisidiya (mutu 13) anayambira pa mbiri ya Israyeli. Kuno sanatero, popeza omverawo sankadziwa Mose. Anayambira pa Mlengi wopatsa moyo ndi mpweya, natchula mau a andakatulo ao omwe. Mmodzi wa iwo ndi Aratus, wobadwira ku Kilikiya, dera lomwelo la kwao kwa Paulo.

Kwathu kunonso zinatero. Makolo athu ankatchula Mulungu, Chauta, Namalenga ndi Mphambe Uthenga usanafike. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, sanabwere ndi dzina lachilendo. Anatenga dzina lakuti Mulungu, ndipo Malembo anatidziwitsa bwino Mwini dzinalo mwa Yesu Kristu.

3. Paulo sanabise mau owawa (29-34)

Apa mphunzitsi achenjere. Paulo anawalemekeza anthuwo, koma sanasinthe Uthenga kuti awakondweretse. Anati Mulungu safanana ndi golidi, siliva kapena mwala wosema. Anati anthu onse ponseponse atembenuke mtima, pakuti tsiku la chiweruzo laikidwa, ndipo Woweruzayo Mulungu anamuukitsa kwa akufa. Za kuuka kwa akufa Agriki sankafuna kuzimva, ndipo Paulo ankadziwa zimenezi. Ena anaseka, ena anati adzamvanso tsiku lina. Koma ena anakhulupirira, pakati pao Dionisiyo wa m'bwalo lomwelo ndi mai wina dzina lake Damarisi. Inunso musataye mtima ngati omvera ali ochepa.

Kaphunzitsidwe kake

Funsani ana nyimbo kapena kanema amene akumkonda masiku ano. Musawadule pakamwa, ndipo musamseke amene wayankha. Sankhani chimodzi, ndipo muchiyese pamodzi nao ndi mafunso atatu: Choona nchiti m'menemu? Chonama nchiti? Baibulo likuti chiyani?

Mwachitsanzo, nyimbo yodandaula za umphawi imanena zoona, pakuti njala imawawa ndipo Mulungu amamva kulira kwa osauka. Koma ikati chuma chimadza ndi zizimba kapena ndi kubetcha pa foni, tsegulani Miyambo 13:11, ana awerenge okha. Mwana amene waphunzira kuyesa zinthu motere adzayesanso pamene inu palibe. Mmera mpoyamba.

Mafunso

1. Nchifukwa ninji mtima wa Paulo unawawa ku Atene?
2. Kodi anayambira pati polalikira, ndipo chifukwa chake nchiyani?
3. Ndi mau ati amene ena anaseka?
4. Tchulani chinthu chimodzi chimene munamva sabata ino chimene muyenera kuchiyesa ndi Baibulo.

Pemphero

Atate wathu, tipatseni makutu akumva ana athu, ndi mtima wolimba wakunena choonadi chanu. Tiphunzitseni kusiyanitsa chabwino ndi choipa. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.