Kagwiritsidwe Ntchito ka Mawu a Chingerezi Oti "Since"

"Since" ndi mawu a ntchito ziwiri. Amapereka chifukwa, ngati "popeza" kapena "poti", ndiponso amaloza nthawi yomwe chinthu chidayambira, ngati "kuyambira" kapena mawu monga "chichokereni" ndi "chibadwire". Ntchito yopereka chifukwa sivuta: "Since it is raining, we will stay at home" ndi kunena kuti popeza kukugwa mvula, tikhala pakhomo. Yovuta ndi ya nthawi.

Poyamba wolemba aone zomwe zikubwera kutsogolo kwa "since". Pamenepo pamafunika nthawi yoti munthu angathe kuiloza ndi chala pa kalendala kapena pa wotchi: "since Monday", "since 1964", "since six o'clock". Kutalika kwa nthawi kumatenga "for": "for three days". Njira yodziyesera ndi kufunsa funso m'Chichewa. Ngati chiganizo chikuyankha kuti "kuyambira liti?", mawu ake ndi "since". Ngati chikuyankha kuti "kwa nthawi yaitali bwanji?", ndi "for". Choncho "since three days" n'kulakwa.

Ambiri amathera pomwepa, ndipo ena ophunzitsa anzawo amangowalowezetsa lamulo limeneli n'kuwasiya. Ndi theka chabe la ntchito. Chomwe chimagwetsa anthu ndi mneni.

M'Chichewa n'kolondola kunena kuti "Ndikudwala kuyambira Lolemba." Wolemba akatembenuza liwu ndi liwu amapeza "I am sick since Monday", chiganizo chomwe chimamveka bwino m'khutu la Mchewa koma n'cholakwika. Chingerezi chimafuna "have" kapena "has" pamene chinthu chidayamba kale ndipo chikupitirirabe: "I have been sick since Monday." Chimodzimodzinso "Malawi has been independent since 1964" ndi "Lilongwe has been the capital since 1975." Osati "is", osati "am", osati "are". Cholakwa chimenechi chimadzadza m'makalata ofunsira ntchito. Munthu wodziwa bwino ntchito yake amalemba kuti "I am working as a clerk since 2019", abwana n'kuyamba kumukayikira asanamuone nkhope. Chofunika apa ndi "I have been working".

Pali langizo lina loipa lomwe limayenda pakati pa ophunzira, loti poti "since" akuloza zakale, mneni akhalenso wa nthawi yakale. Zotsatira zake ndi "I was sick since Monday", kulakwa komweko kutangovala malaya ena. Wodwalayo akadali pa mphasa, ndiye "have been". Nthawi yakale yeniyeni malo ake ndi kutsogolo kwa "since", pamene pali kachiganizo m'malo mwa tsiku: "She has not written since she left", chichokereni sadalembepo kalata. Uku "has", uko "left". Aneni awiriwa asasinthane malo.

Nkhani yonse ikamafotokozedwa monga zidachitika kale, ngati m'chimangirizo cha mayeso a MSCE, "have" amasanduka "had": "We had been waiting since dawn when the bus arrived." Olemba mayeso ambiri amaiwala zimenezi ali pakati pa nkhani yokoma, chonsecho Chingerezi ndi phunziro loti munthu akalephera, satifiketi sapata.

Kuzolowera sikulira buku lodula. Kope limodzi ndi cholembera n'zokwanira, kuphatikiza mphindi 15 tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena atatu. Wophunzira alembe ziganizo zisanu za moyo wake m'Chichewa, chilichonse chokhala ndi "kuyambira", kenako azitembenuze. Akamaliza adule mzere kunsi kwa "since" aliyense ndipo ayang'ane kumanzere, kapena kumanja ngati "since" ali koyambirira kwa chiganizo. Ngati "since" ameneyo ndi wa nthawi ndipo kulibe "have", "has" kapena "had", chiganizocho chilembedwenso. Chimodzi mwa zomwe zingakhululukidwe ndi cha mtundu wa "It is two years since he left", chomwe Angerezi amachilola powerenga nthawi yomwe yadutsa.