Singano, Lezala ndi Paipi ya Mkodzo: Malangizo kwa Odwazika Matenda

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Singano ya jakisoni imene yabaya munthu kamodzi imawala ngati yatsopano, koma m'kabowo kake mumatsala timagazi tosaoneka ndi maso. Timagazi timeneto n'tokwanira kupatsira mnzake HIV kapena matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C. Kachilombo ka mtundu wa B ndiye n'kolimba kwambiri, chifukwa kamakhalabe ndi moyo m'magazi ouma pa lezala kwa sabata yathunthu. Kabuku kano talembera inu amayi, abambo ndi agogo amene mumasamalira odwala, kaya kunyumba kaya mu wodi.

Jakisoni wa m'mudzi

Tikudziwa kuti chipatala chili kutali, ndipo mwana akatentha thupi usiku, munthu wa kachikwama uja amene amabaya jakisoni pa mtengo wozizira amaoneka ngati mpulumutsi. Koma tamverani zimene zinachitika kwa anzathu. Chakumapeto kwa 2014, ku Roka m'dziko la Cambodia, anthu oposa 200 a dera limodzi anapezeka ndi HIV. Ena anali ana aang'ono, ena nkhalamba. Atafufuza anapeza kuti ankabayitsa kwa munthu wopanda chilolezo amene ankabwereza singano zake. Ku Egypt nako, kwa zaka zambiri mpaka cha m'ma 1980, boma linkabaya anthu ambirimbiri mankhwala a likodzo ndi masirinji agalasi osaphitsa bwino. Cholinga chinali chabwino, koma dzikolo linatsala ndi mliri waukulu wa matenda a chiwindi a mtundu wa C.

Choncho singano ndi sirinji zizitsegulidwa m'pepala lake inu mukuona. Wina akakuuzani kuti "ndasintha singano, sirinjiyi ndi yabwinobwino", kanani. Magazi amabwerera n'kulowa mu sirinji momwemo. Odwala shuga amene amadzibaya insulini asabwereke singano kwa wina aliyense, ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wawo.

Lezala

Potema mphini, pometa maliro, kuchinamwali: m'malo onsewa lumo limodzi limayenda pa anthu angapo. Sitikunyoza mwambo. Tikupempha kuti munthu aliyense akhale ndi lezala yakeyake yatsopano, ngakhale ana a bere limodzi. Katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa B anayamba kuperekedwa kwa makanda kuno ku Malawi mu 2002, ndiye kuti ambiri mwa ife amene tinabadwa chakacho chisanafike tilibe chitetezocho.

Mwana azibadwira kuchipatala. Koma zikachitikira panjira, mchombo udulidwe ndi lezala yongotulutsa kumene m'pepala, osati mpeni kapena tsekera. Pamchombo musapakepo phulusa, dothi kapena ndowe, chifukwa mmenemo ndi mmene mumakhala kachilombo ka kafumbata. Pakani mankhwala okhawo amene anamwino akupatsani.

Mukakhala gadiyani

Apa m'pamene tikufuna mumvetsetse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, mwa odwala 100 ogonekedwa m'chipatala, 15 amatengerako matenda ena amene sanabwere nawo. Njira yaikulu ndi manja osasamba komanso zipangizo zimene zimalowa m'thupi. Khungu ndi mpanda wa thupi, ndipo dripi ndi paipi ya mkodzo zili ngati chipata chotsegula pampandapo. Anamwino ndi ochepa, odwala ndi ambiri, ndiye amene amakhala pambali pa bedi usana ndi usiku ndinu.

Yang'anani pamene pabayidwa dripi m'mawa ndi madzulo. Pakafiira, pakatupa, pakamapweteka kapena kutuluka mafinya, uzani anamwino nthawi yomweyo. Musamagwiregwire pamenepo, ndipo dripi ikaima musaifinye kapena kuisintha nokha. Pulasitala ikanyowa kapena kumatuka, nenani.

Thumba la mkodzo lizikhala m'munsi mwa chiuno cha wodwala nthawi zonse, kuti mkodzo usabwerere m'chikhodzodzo, koma lisagone pansi. Ambiri ponyamula wodwala amaika thumbalo pamimba pake, ndipo tizilombo timakwerera pomwepo. Paipi isapindike. Sambani m'manja ndi sopo musanakhuthule mkodzo ndiponso mukatha, ndipo kampopi ka thumbalo kasakhudze chidebe. Paipi ikakhalitsa, ngozi imakulanso. Si mwano kufunsa kuti, "Adokotala, kodi paipiyi ikufunikabe?" Wodwala akayamba kutentha thupi, kunjenjemera kapena kubwebweta, musadikire kuti kuche.

Ena mumachita manyazi kukumbutsa wachipatala kusamba m'manja. Nenani mwaulemu basi, wodwalayo ndi wanu.

Mukabwerera kunyumba

Thonje ndi bandeji zimene zakhudza bala sizibwereranso pabala. Sizasi yodulira bandeji itsukeni kaye ndi sopo kuti magazi achoke, kenako iphitseni m'poto wovundikira kwa mphindi 20, kuwerenga kuyambira pamene madzi ayamba kubwata. Kungoviika m'madzi otentha kapena kupukuta ndi sipiriti n'kosakwanira. Singano ndi sirinji zapulasitiki siziphitsidwa, ntchito yake ndi kamodzi kokha.

Singano zogwiritsa kale ntchito ikani m'botolo lolimba lokhala ndi chivundikiro, ndipo mukalipereke kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Musataye kudzala, ana amatola n'kumaseweretsa. Mwana kapena wamkulu akabayidwa ndi singano yoteroyo, tsukani pobayidwapo ndi sopo ndi madzi ambiri, musafinye kapena kuyamwa, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.