Foni ya ngongole m'dziko la eni

Mu 1889, amishoni a Dutch Reformed, Andrew Murray ndi T.C.B. Vlok, ochokera ku South Africa, anadzamanga pa Mvera, m'dziko la Inkosi Chiwere. Lero ulendo unatembenuka. Ana athu ndiwo amakwera minibasi pamsewu wochokera ku Salima, kukatsikira ku Lilongwe, n'kulowera kummwera kukasaka maphunziro. Mmodzi wa iwo anali mwana wa mlongo wanga, yemwe tinam'perekeza titagulitsa mtedza ndi soya wa chaka chonse.

Sukulu yake ku Cape Town inali ya chaka chimodzi. Atafika, anachita zoyenera. Kumeneko kuli lamulo lotchedwa RICA, lofanana ndi kalembera wa ma SIM amene MACRA inatilamula kuno mu 2018: pogula SIM umaonetsa pasipoti ndi umboni wa kumene ukukhala. Kalata ya kuhositelo inakwanira. Anayamba kugula mayunitsi monga kwathu, zikatha n'kudikira.

Tsoka linam'peza m'sitolo ya kampani ina ya mafoni. Pagalasi panali foni yonyezimira, ndipo anamuuza kuti atha kuitenga tsiku lomwelo osalipira kanthu, bola asayine kontrakiti ya miyezi 36. Poti chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinali chachifupi, anamukana. Apo akanabwerera. M'malo mwake anakadandaulira mkulu wina wa kwathu konkuno, wopemphera naye mpingo umodzi, amene anakhala kumeneko zaka zambiri ndipo ali ndi mapepala okhazikika. Mkuluyo, poona mwana wakumudzi, anasayina m'dzina lake.

Miyezi yoyamba tinkalandira zithunzi zowala za phiri la Table Mountain. Kenako ndalama ya sukulu inachedwa. Kontrakiti sidziwa zimenezo: tsiku likakwana, banki imadula yokha ku akaunti ya wosayina. Inadula kwa mkulu uja kawiri, kachitatu inapeza mulibe kanthu, chilango n'kuwonjezeka. Foniyo inabedwa m'takisi chaka chisanathe, koma ngongole siibedwa.

Usiku wina anandiimbira pa foni yobwereka. "Amalume, ndalakwa. Ndinkayesa ndikugula foni, osadziwa kuti ndikukongola." Maphunziro atatha anabwerera ku Mvera ndi satifiketi, kusiya zaka ziwiri za malipiro pamutu pa munthu amene anangom'chitira chifundo. Dzina la mkuluyo linalowa m'kaundula wa olephera kubweza ngongole, moti atafuna ngongole ina anabwezedwa. Amayi ake a mnyamatayu anagulitsa mbuzi zitatu, n'kupita okha kukapepesa kwa abale a mkuluyo. Mpaka lero mabanja awiriwa amangopatsana moni wa pakhomo pa tchalitchi.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Inu amene mukukonzekera ulendo, werengani miyezi ya kontrakiti, muiyerekeze ndi miyezi ya chilolezo chanu. Ikapitirira, si yanu. Vodacom, MTN, Telkom ndi Cell C onse ali ndi ma SIM ongogulira mayunitsi ndi mabandulo, opanda kusayina ngongole. Funsani anzanu a pahositelo kuti netiweki imagwira bwino ndi iti, ndipo gwiritsani ntchito Wi-Fi ya pasukulu. Ngati munasayina kale, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limalola kuthetsa kontrakiti mutapereka chidziwitso cha masiku 20 a ntchito, ngakhale mudzalipira chindapusa ndi zotsala za foniyo. SIM ya kwathu musaitaye, muziithirako mayunitsi kuti isatsekedwe, chifukwa Airtel Money kapena Mpamba wanu ali pamenepo.

Mwana wa mlongo wanga tsopano akuphunzitsa ku Ntchisi. Ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo mwezi ukatha amatumiza ndalama ku Cape Town, kulipira foni imene ili m'thumba la munthu wina.